Chiwetel Ejiofor

Chiwetel Ejiofor (adabadwa pa 10 Julayi 1977) ndi katswiri wa zisudzo wa ku Britain yemwe amalembanso ndi kutsogolera mafilimu. Adayambira pa siteji mumzinda wa London ali mnyamata, kenaka adalowa m'masewero a pa wailesi ya kanema ndi m'mafilimu, ndipo patapita zaka zoposa 20 adayamba kutsogolera yekha mafilimu aatali. Padziko lonse amadziwika kwambiri ndi filimu ya 12 Years a Slave (2013). Ku Malawi amadziwika ndi The Boy Who Harnessed the Wind (2019), filimu yaitali yoyamba yomwe adatsogolera. Filimuyi imakamba za William Kamkwamba, yemwe adabadwira ku Dowa n'kukulira kwa Wimbe m'boma la Kasungu. Idajambulidwa ku Malawi komweko ndipo mbali yaikulu ya zokambirana zake ili m'Chichewa.

Ubwana ndi maphunziro

Ejiofor adabadwira ku Forest Gate, kum'mawa kwa London. Makolo ake adali a mtundu wa Igbo ochokera ku Nigeria. Bambo ake adali dokotala ndipo mayi ake ankagwira ntchito yosakaniza ndi kugulitsa mankhwala. M'chaka cha 1988, ali ndi zaka 11, banja lawo lidapita ku ukwati ku Nigeria. Ali komweko, galimoto yomwe adakwera ndi bambo ake idachita ngozi. Bambowo adamwalira, iye adapulumuka koma adavulala kwambiri, ndipo zipsera za ngoziyo zimaonekabe pamphumi pake. Mlongo wake, Zain Asher, ndi mtolankhani wa wailesi ya kanema ya CNN.

Adaphunzira pa Dulwich College, sukulu ya anyamata ya kumwera kwa London, komwe adayamba kuchita nawo masewero a pasukulu. Kuchoka apo adalowa m'gulu la National Youth Theatre, lomwe limaphunzitsa achinyamata zisudzo, kenaka adapeza malo pa London Academy of Music and Dramatic Art, sukulu ya zisudzo yomwe mwachidule imatchedwa LAMDA. Maphunzirowo sadawamalize chifukwa adakali m'chaka choyamba adaitanidwa kukachita nawo filimu ku America.

Pa siteji

Sewero lalikulu loyamba lomwe adaonekeramo ndi Othello, lolembedwa ndi William Shakespeare. Adasewera ngati Othello mwiniwake ku Bloomsbury Theatre mu 1995 ali ndi zaka 18, ndipo mu 1996 adabwerezanso mumzinda wa Glasgow.

M'chaka cha 2000 adachita masewero awiri ku National Theatre. Mu Romeo and Juliet adali Romeo. Mu Blue/Orange, sewero la Joe Penhall lomwe adatsogolera Roger Michell, adali Christopher, mnyamata wogonekedwa m'chipatala cha odwala matenda a maganizo yemwe amanena kuti ndi mwana wa Idi Amin. Madokotala awiri amakangana ngati mnyamatayo ayenera kutulutsidwa kapena ayi, ndipo mkanganowo umakhudza za khungu, ulamuliro ndi kuchepa kwa mabedi m'chipatala. Chifukwa cha seweroli adalandira mphoto ya Evening Standard komanso ya Critics' Circle, zonse zopita kwa wosewera wongoyamba kumene yemwe wachita bwino.

Atatchuka m'mafilimu sadasiye siteji. Mu 2007 adabwerera ku Othello, ulendo uno ku Donmar Warehouse, motsogozedwa ndi Michael Grandage, ndipo Ewan McGregor adali Iago. Mu 2008 adalandira mphoto ya Laurence Olivier, yomwe ndi yaikulu pa zisudzo za pa siteji ku Britain. Mu 2013 adasewera ngati Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo yomwe idaphedwa mu 1961, m'sewero la Aimé Césaire lotchedwa A Season in the Congo. Seweroli lidachitikira ku Young Vic ndipo adalitsogolera ndi Joe Wright. Mu 2015 adabwereranso ku National Theatre m'sewero la Everyman.

Pa wailesi ya kanema ndi m'mafilimu

Kamera adayamba kuyang'anizana nayo mu Deadly Voyage (1996), filimu ya pa wailesi ya kanema yokamba za anyamata a ku Africa omwe adabisala m'sitima ya katundu yochokera ku Ghana n'kuphedwa ndi ogwira ntchito m'sitimayo. Kenaka Steven Spielberg adamusankha kukhala mu Amistad (1997), filimu ya akapolo omwe adagalukira eni sitima mu 1839. M'menemo adali James Covey, womasulira yemwe adathandiza kuti anthu olankhula Mende amveke m'khoti la ku America.

Filimu yomwe idamutchukitsa, momwe adali mwini nkhani, ndi Dirty Pretty Things (2002) ya Stephen Frears. Adali Okwe, dokotala wa ku Nigeria yemwe akukhala ku London popanda mapepala, masana akuyendetsa takisi, usiku akugwira ntchito mu hotela. Zitatero adaoneka m'mafilimu ambiri a ku Britain ndi ku America, monga Love Actually (2003), Kinky Boots (2005), Serenity (2005), Inside Man (2006), Children of Men (2006) ndi American Gangster (2007). M'zaka zimenezi adagwira ntchito pansi pa otsogolera osiyanasiyana, ena mwa iwo Spike Lee, Alfonso Cuarón ndi Ridley Scott.

Pa wailesi ya kanema adachita nawo Tsunami: The Aftermath (2006), The Shadow Line (2011) ndi Dancing on the Edge (2013). Mu Endgame (2009) adali Thabo Mbeki pa nthawi ya zokambirana zachinsinsi zomwe zidachitikira ku England pakati pa chipani cha ANC ndi azungu ena a ku South Africa, ulamuliro wa tsankho usadathe.

Mu 12 Years a Slave, yotsogozedwa ndi Steve McQueen, adali Solomon Northup, munthu wakuda yemwe adabadwa mfulu m'chigawo cha New York koma adabedwa mu 1841 n'kugulitsidwa ngati kapolo mpaka 1853. Filimuyi idapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2014. Ejiofor adalandira mphoto ya BAFTA ndipo adali m'gulu la opikisana pa Oscar ya wosewera wamwamuna, yomwe idapita kwa Matthew McConaughey. Chaka chomwecho cha 2013 adaonekanso mu Half of a Yellow Sun, filimu yochokera m'buku la Chimamanda Ngozi Adichie lokamba za nkhondo ya Biafra. Pambuyo pake adachita nawo The Martian (2015) ndi Doctor Strange (2016), ndipo mawu a Scar mu The Lion King ya 2019 ndi ake. Boma la Britain lidamupatsa ulemu wa OBE mu 2008 ndi wa CBE mu 2015.

Kuyamba kutsogolera

Ntchito ya pa siteji ndi ya mufilimu zimasiyana kwambiri. Pa siteji osewera amayeserera kwa milungu ingapo, ndipo tsiku loonetsa sewero limayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza anthu akuonerera. Wosewera amayenera kumveka mpaka kwa munthu wokhala kumbuyo kwenikweni. Filimu imajambulidwa m'zidutswa zing'onozing'ono, nthawi zambiri mosatsata ndondomeko ya nkhani, ndipo chidutswa chimodzi chimatha kubwerezedwa kambirimbiri. Kamera ikayandikira nkhope, kungophethira kokha kumakhala ndi tanthauzo. Wotsogolera filimu ndiye amasankha osewera, malo ojambulira ndi pomwe kamera iime, kenaka amakhala ndi wolumikiza zidutswazo mpaka nkhani itaima. Wosewera amasamala za munthu mmodzi yekha m'nkhani, pomwe wotsogolera amasamala za nkhani yonse, ndalama, nthawi ndi gulu lonse la antchito.

Ejiofor adayesera ntchitoyi ndi mafilimu awiri aafupi. Yoyamba ndi Slapper (2008). Yachiwiri ndi Columbite Tantalite (2013), yomwe adapanga mogwirizana ndi Young Vic pa nthawi ya sewero la Lumumba lija. Dzina lake ndi la miyala ya mtengo wapatali yomwe imakumbidwa ku Congo n'kugwiritsidwa ntchito popanga mafoni ndi makompyuta.

Nkhani ya William Kamkwamba

William Kamkwamba adabadwa pa 5 Ogasiti 1987 ku Dowa, komwe bambo ake, a Trywell Kamkwamba, ankachita malonda. Pambuyo pake banjali lidasamukira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, n'kuyamba ulimi wa chimanga ndi fodya. Derali lili kum'mawa kwa tawuni ya Kasungu, m'boma lomwe limachita malire ndi Dowa komanso Ntchisi.

Mu 2001 ndi 2002 ku Malawi kudagwa njala yaikulu, ndipo chigawo chapakati chidakhudzidwa kwambiri. Zokolola zidachepa chifukwa cha kusefukira kwa madzi m'madera ena ndi kudula kwa mvula m'madera ena, komanso chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Mtengo wa chimanga udakwera koopsa ndipo anthu ankachezera pamizere m'misika ya ADMARC. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, adalengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pangozi.

William adasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Adayamba kupita ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, komwe adapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake padali makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chidali chomuvuta, choncho ankadalira kwambiri zithunzi. Pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki, dayinamo ndi zitsulo zotola kudzala, adapanga makina ake omwe adayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo.

Nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu Novembala 2006, adapezeredwa malo pa sukulu ya sekondale ya Madisi m'boma la Dowa. Mu 2007 adakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Adapitiriza maphunziro ku African Leadership Academy ku Johannesburg ndipo adamaliza digiri yake pa Dartmouth College ku America mu 2014. Buku la moyo wake, lomwe adalemba ndi mtolankhani Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009. Mutu wake, womwenso ndi mutu wa filimu, umatanthauza mnyamata yemwe adagwiritsa ntchito mphamvu ya mphepo.

Kapangidwe ka filimu

Ejiofor adawerenga bukuli litangotuluka, koma padatenga pafupifupi zaka 10 kuti filimu ifike kwa oonera. Iye mwini ndiye adalemba mawu a filimuyo, adaitsogolera, komanso adasewera ngati a Trywell. Omwe adayendetsa ntchito yonse ndi Andrea Calderwood ndi Gail Egan, ndipo ndalama zina zidachokera ku BBC Films, British Film Institute ndi Participant Media. Wojambula wamkulu adali Dick Pope ndipo nyimbo adapeka ndi Antonio Pinto wa ku Brazil.

Mafilimu ambiri okamba za maiko a mu Africa amajambulidwira ku South Africa kapena ku Kenya chifukwa kumeneko kuli zipangizo ndi akatswiri okwanira. Ejiofor adasankha kujambulira ku Malawi, m'dera lomwelo la Wimbe, m'chaka cha 2017. Anthu a m'midzi yozungulira ndi omwe amaoneka m'magulu a pamsika, pamaliro ndi pamisonkhano.

Osewera akuluakulu adachokera m'maiko osiyanasiyana. Maxwell Simba wa ku Kenya, yemwe iyi idali filimu yake yoyamba, adali William. Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal koma wokhala ku France, adali mayi Agnes Kamkwamba. Joseph Marcell adali Mfumu Wimbe, Lemogang Tsipa wa ku South Africa adali mphunzitsi Mike Kachigunda, ndipo Noma Dumezweni adali woyang'anira laibulale. Mwa Amalawi, woimba Lily Banda adali Annie, mlongo wake wa William, ndipo Philbert Falakeza adali Gilbert, mwana wa mfumu komanso mnzake wa William.

Filimuyi idagawidwa m'zigawo zisanu zokhala ndi mitu ya Chichewa yotsata nyengo ya ulimi: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala ndi Mphepo. Makina a mphepo amabwera kumapeto kwenikweni. Nthawi yambiri imathera poonetsa mmene njala imalowera pakhomo pang'onopang'ono. Anthu amagulitsa mitengo ku esiteti ya fodya, mvula imakokolola mbewu, mfumu imamenyedwa italankhula za njala pamsonkhano wa ndale, chakudya cha banja chimabedwa, ndipo pamapeto banjalo limayamba kudya kamodzi patsiku. Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, amaonekanso, makamaka pokhudza maliro.

Kusiyana kwa filimu ndi buku

Posintha buku kukhala filimu, Ejiofor adafupikitsa zaka zingapo kuti zioneke ngati nyengo imodzi. M'moyo weniweni makina oyamba a William adali oyatsira magetsi m'nyumba, ndipo zopopera madzi zidabwera patapita zaka, atayamba kulandira thandizo. Mufilimu makinawo amayendetsa pampu yokoka madzi pachitsime n'kuthirira munda m'chilimwe, choncho amaoneka ngati yankho la njalayo mwachindunji.

Ejiofor adakulitsanso mkangano wa bambo ndi mwana. A Trywell a mufilimu ndi mlimi wolimbikira yemwe akuona kuti zonse zikumupulumuka m'manja, ndipo njinga ndi chuma chokhacho chomwe chatsala pakhomo. William akaipempha kuti aidule apangire makina, bambowo amakwiya n'kumulamula kuti agwire khasu. Kuvomera kwawo pambuyo pake ndiye pachimake pa nkhani. Kusinthaku kumapangitsa filimu kukoma, koma wophunzira wofuna mbiri yeniyeni ya Kamkwamba ayenera kuwerenga bukulo.

Nkhani ya chilankhulo

Chosankha chachikulu chomwe Ejiofor adapanga ndi choti anthu a mufilimuyi azilankhula Chichewa pakhomo, kumunda ndi pamsika, ndipo Chingerezi chizimveka makamaka kusukulu, monga zimakhalira ku Malawi. Iye ndi osewera anzake a kunja adaphunzira mawu awo a Chichewa asadayambe kujambula. Oonera a kunja amatsata nkhani powerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi.

Filimu itatuluka, Amalawi ambiri adakondwa kuona midzi yawo ndi kumva chilankhulo chawo pa Netflix. Ena adadandaula kuti katchulidwe ka osewera a kunja n'kovuta kumva, mwakuti mwini chilankhulo amayeneranso kuwerenga mawu a m'munsi aja. Adafunsanso chifukwa chomwe mbali za William ndi makolo ake sizidaperekedwe kwa Amalawi. Oikira kumbuyo filimuyi ankati opereka ndalama amafuna maina odziwika, ndipo kukadakhala kophweka kuijambula yonse m'Chingerezi. Mtsutsowu udakumbutsa anthu kuti ku Malawi kuli kale opanga mafilimu. Mmodzi mwa iwo ndi Shemu Joyah, yemwe adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Yomalizayi ndi filimu yoyamba yomwe Malawi idatumiza ku mpikisano wa Oscar, mu 2018.

Chichewa chomwecho ndicho chidapatsa filimu ya Ejiofor mwayi woimira Britain pa Oscar, m'gawo la mafilimu a maiko ena. Lamulo la gawoli limafuna kuti zokambirana zoposa theka zikhale m'chilankhulo china osati Chingerezi. Chaka chomwecho cha 2019 filimu ya ku Nigeria ya Lionheart, yotsogozedwa ndi Genevieve Nnaji, idachotsedwa mumpikisano chifukwa idali ndi Chingerezi chambiri. Chaka cham'mbuyo mwake Britain idatumiza I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, yomwe idajambulidwa ku Zambia ndipo muli Chinyanja. The Boy Who Harnessed the Wind siidafike m'gulu la mafilimu omaliza opikisana.

Kutulutsidwa ndi mphoto

Filimuyi idaonetsedwa koyamba mu Januwale 2019 ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America, komwe idalandira mphoto ya Alfred P. Sloan, yoperekedwa ku filimu yokamba za sayansi kapena luso lopanga zinthu. Idaonetsedwanso ku chikondwerero cha ku Berlin, ndipo pa 1 Malichi 2019 idayamba kupezeka pa Netflix. Mu 2020 Ejiofor adalandira mphoto ya NAACP Image Award ya wotsogolera filimu. Ku Malawi kuionera pa Netflix sikudali kophweka kwa anthu ambiri a kumudzi, chifukwa kumafuna magetsi, intaneti yamphamvu ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi.

Ntchito za pambuyo pake

Ejiofor adapitiriza kusewera m'mafilimu monga The Old Guard (2020) ndi The Life of Chuck (2024), komanso m'sewero la pa wailesi ya kanema la The Man Who Fell to Earth (2022). Filimu yake yachiwiri yaitali ngati wotsogolera ndi Rob Peace, yomwe idaonetsedwa ku Sundance mu Januwale 2024. Idachokera m'buku la Jeff Hobbs lokamba za Robert Peace, mnyamata wanzeru wa m'chigawo cha New Jersey yemwe adaphunzira sayansi pa yunivesite ya Yale bambo ake ali kundende, ndipo adaphedwa mu 2011 ali ndi zaka 30. Jay Will adali Rob, Mary J. Blige adali mayi ake, ndipo Ejiofor adali bambo ake. Monga mufilimu ya Kamkwamba, nkhaniyi ndi yochitikadi, yochokera m'buku, ndipo imakamba za mnyamata wokonda sayansi wochokera m'banja losauka, ndi ubale wake ndi bambo ake.

Mafilimu omwe adatsogolera

Slapper (2008), filimu yaifupi
Columbite Tantalite (2013), filimu yaifupi
The Boy Who Harnessed the Wind (2019)
Rob Peace (2024)